Boianai, Mudzi Umene Unamva Uthenga M'chinenero cha Anansi

Kum'mawa kwenikweni kwa dziko la Papua New Guinea, m'chigawo cha Milne Bay, nyanja yamchere inalowa kumtunda n'kupanga gombe lopinda lotchedwa Goodenough Bay. Kumpoto kwa gombeli kuli dziko losongokera m'nyanja la Cape Vogel. Kumwera kuli kamzere ka dziko lathyathyathya kopanikizika pakati pa madzi ndi mapiri otsika kuchokera ku mzere wa mapiri a Owen Stanley. Pakamzere kameneka, kuyambira ku Uga chakumadzulo kukafika ku Wadobuna chakum'mawa, ndi pamene pali midzi ya anthu a mtundu wa Ghayavi. Si ambiri ayi. Kalembera wa chaka cha 2000 anapeza olankhula chinenero chawo pafupifupi 2,800, m'dziko la zinenero zoposa 800. Mudzi wawo wodziwika kwambiri ndi Boianai, n'chifukwa chake mabuku ena amatchula chinenero chawo kuti Boianaki.

Anthu akunja amene anamvapo dzina la Boianai analimva chifukwa cha zimene zinaoneka mumlengalenga masiku awiri m'chaka cha 1959. Nkhani imeneyo tiifika. Koma mudzi suyamba tsiku limene alendo aulemba m'nyuzipepala. Pofika chaka chimenecho anthu a ku Boianai anali atakhala kale ndi tchalitchi kwa mibadwo iwiri, ndipo tchalitchicho chinapeza miyala, minda ndi mafuko zili kale pamalo pake.

Dziko louma pakati pa dziko lamvula

Wina akamva za New Guinea amaganiza za nkhalango yowirira ndi mvula yosakata. Gombe lakumwera la Goodenough Bay si lotero. Mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, imene imawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala, imakhuthula mvula yake kutsidya lina la mapiri, ndipo imafika kuno itauma. Miyezi imeneyo zitunda zimakhala zofiirira ndi udzu wautali, mitsinje ing'onoing'ono imaphwa, ndipo amuna amatentha tchire posaka nguluwe ndi tinyama todumpha totchedwa wallaby. Mvula ikabwera, mitsinje yochokera m'mapiri otsetserekawo imadzaza mwadzidzidzi, n'kukokolola miyala mpaka kunyanja.

Chakudya cholemekezeka kugombe kumeneku ndi koko. Nthochi, zilazi, mbatata, kokonati ndi nsomba zilipo, koma munthu amatchuka ndi munda wake wa koko. Vuto ndi lakuti koko amafuna madzi, ndipo madziwo ndi amene amasowa. Anansi a kum'mawa, anthu a ku Wamira, anatchuka ndi ulimi wamthirira azungu asanafike: ankatseka mtsinje ndi miyala, kukumba ngalande zazitali, ndi kuwolotsa madzi pamwamba pa mtsinje wina m'mitengo yogoba ngati mabwato. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Miriam Kahn, amene anakhala ku Wamira m'zaka za m'ma 1970, analemba buku lathunthu losonyeza mmene mantha a njala amalamulira kadyedwe, ulemu ndi maubale a anthu a kumeneko. Kudya mowonetsa dyera n'chamanyazi. Kugawa chakudya pagulu ndiko ufumu.

Monga m'madera ambiri a Milne Bay, mwana kugombe kumeneku amawerengedwa kufuko la mayi ake, ndipo malume ali ndi mawu pa nkhani za mbumba. Kunalibe mfumu imodzi yolamulira gombe lonse. Mudzi uliwonse unali ndi akuluakulu ake: wodziwa mankhwala a munda, wodziwa za mvula, wodziwa kutsogolera nkhondo, wodziwa kukonza phwando. Nkhumba ndiyo inali chuma chokonzera maliro, ukwati ndi mtendere. Pokambirana, anthu ankayamba apatsana mtedza wa betel, umene amatafuna pamodzi ndi laimu mpaka m'kamwa kufiira, ndipo mpaka lero mlendo amalandiridwa motero. Pakati pa anthu a kunyanja ndi a kumapiri panali msinthano wa nsomba, mchere ndi kokonati ndi zakudya za kumtunda, komanso panali udani ndi kubwezerana imfa.

Ndiyeno pali miyala. Ku Boianai ndi midzi yoyandikana nayo ya Radava ndi Meitepana kuli miyala yoimikidwa ndi manja a anthu, ina yoyalidwa mozungulira kuti akuluakulu azikhalapo pa bwalo, ina yogobedwa mizere yopota ndi yozungulira. F. E. Williams, katswiri wa boma la Papua, analemba za miyalayi mu 1931, ndipo Brian Egloff anadzaifufuzanso n'kulemba mu 1970. Kwa eni mudzi miyala yotere si zokongoletsa. Kugombe lonseli mwala umatha kukhala ndi dzina, umasunga nkhani ya kholo, ndipo umachitira umboni kuti malo awa ndi a fuko liti. Anthu opanda zilembo analemba mbiri yawo pamtunda womwe amapondapo.

Mmene gombe linagawidwira

Britain inatenga kum'mwera chakum'mawa kwa New Guinea mu 1884, ndipo mu 1888 inatumiza William MacGregor kukhala wolamulira. MacGregor ankafuna amishonale, koma sankafuna kuti azikangana pa mudzi umodzi. Mu 1890 ku Port Moresby, atsogoleri a London Missionary Society, a Methodist ndi a Angilikani anagwirizana zogawana dziko. A Angilikani anapatsidwa gombe la kumpoto chakum'mawa, kuyambira ku Cape Ducie mpaka kumalire a dera limene panthawiyo linali m'manja mwa Ajeremani. Anthu a ku Boianai sanaitanidwe ku msonkhanowo. Anakhala a Angilikani osati chifukwa chosankha pakati pa mipingo, koma chifukwa mzere unajambulidwa pa mapu kutali ndi kwawo.

Pa 10 Ogasiti 1891 ansembe awiri ochokera ku Australia, Albert Maclaren ndi Copland King, anatsika m'bwato pa Kaieta, pafupi ndi mudzi wa Wedau, kum'mawa kwa Boianai. Pamwamba pa mudziwo pali chitunda chathyathyathya chotchedwa Dogura, chimene kale chinali bwalo la nkhondo. Anachigula ndi fodya, nkhwangwa, mipeni, magalasi odziyang'anira ndi nsalu yofiira. Anamanga kachisi wamng'ono wa mitengo ndi masamba. Mzati umodzi wa pangodya, wa mtengo wa modawa, unazika mizu n'kuphuka, ndipo mtengowo unadzakhala chizindikiro cha mpingo wa Angilikani m'dziko lonselo.

Chiyambi chinali chowawa. Malungo anagwira onse awiri. King anabwezedwa ku Sydney kukachira, ndipo Maclaren anamwalira kumapeto kwa Disembala 1891 ali m'sitima ya boma yotchedwa Merrie England, n'kukaikidwa ku Cooktown. Anali atakhala pa Dogura miyezi yosakwana isanu. Amene anatsala akusunga malowo anali kalipentala Samuel Tomlinson ndi mkazi wake Elizabeth, mpaka King atabwerera. Ubatizo woyamba unachitika pa Pasaka wa 1896, ndipo mmodzi mwa obatizidwa anali Samuel Aigeri. Zaka pafupifupi zisanu zinapita kuti madzi a ubatizo agwere pamutu pa munthu woyamba.

Aphunzitsi ochokera m'minda ya nzimbe

Zithunzi zakale zimaonetsa azungu ovala mikanjo, koma munthu amene mwana wa m'mudzi ankamuona tsiku ndi tsiku nthawi zambiri anali wakhungu lakuda. Kuyambira mu 1863 mpaka 1904, anthu oposa 60,000 a m'zilumba za Pacific, makamaka za Solomon Islands ndi New Hebrides, imene lero ndi Vanuatu, anatengedwa kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Queensland, ena monyengedwa, ena mobedwa. Ena mwa iwo anaphunzira kuwerenga m'masukulu a usiku a mpingo. Mu 1893 awiri oyamba, Harry Mark ndi Willie Miwa, anadzipereka kupita ku New Guinea, ndipo pambuyo pawo panabwera ena oposa 40, ambiri mwa iwo Australia itayamba kuthamangitsa anthu a m'zilumba motsatira lamulo la 1901.

Anthu amenewa sanali ophunzira kwambiri, ndipo azungu a mishoni ankadandaula nawo pa zimenezo. Koma ankadziwa kulima koko, kupalasa bwato, kumanga nyumba ya masamba, ndi kukhala pansi pa mkeka mpaka nkhani ithe. Ena anakwatira m'midzi imene ankaphunzitsa. Ambiri anafa ndi malungo ndi chifuwa n'kuikidwa kugombe komweko. Boianai inali imodzi mwa nthambi zoyambirira za Dogura, yotsegulidwa zaka za m'ma 1890 zisanathe, ndipo pa nthambi zoterozo ntchito ya tsiku ndi tsiku inali ya mphunzitsi: kuimba belu m'mawa, kusonkhanitsa ana, kutsuka zilonda, kutsogolera mapemphero a madzulo.

Mishoni inasankha chinenero cha ku Wedau kukhala cha sukulu ndi tchalitchi, chifukwa ndicho amishonale oyamba anaphunzira. Copland King anachilemba m'zilembo n'kuyamba kumasulira, ndipo pofika m'ma 1920 Chipangano Chatsopano chonse chinalipo m'chinenerocho. Tomlinson uja, atadzozedwa unsembe, anakhala zaka zambiri ku Mukawa ku Cape Vogel akumasulira Baibulo m'chinenero cha kumeneko. Chinenero cha Ghayavi chinatsala pakati. N'chachibale ndi cha Wedau, popeza zonse ndi za banja lalikulu la zinenero za Austronesian, koma si chimodzi. Choncho mwana wa ku Boianai ankalira, kutukwana ndi kumva nthano m'chinenero cha amayi ake, koma ankawerenga, kuimba nyimbo za Mulungu ndi kulapa m'chinenero cha anansi. Zimenezi zinali ndi phindu lake: anthu a midzi imene kale inkaopana anapeza chinenero chimodzi chokumaniranapo. Zinalinso ndi mtengo wake, chifukwa agogo osapita kusukulu ankamva ulaliki mwapatalipatali, podalira adzukulu.

Kulowa mumpingo sikunali kwa tsiku limodzi. Munthu ankayamba ngati womvera chabe, kenaka n'kulowa kalasi ya okonzekera ubatizo, ndipo ankayesedwa zaka zingapo. Osabatizidwa ankatuluka Misa isanafike pa Mgonero. Wa mitala ankayenera kutsala ndi mkazi mmodzi. Wogwa m'tchimo lodziwika ankaimitsidwa pagulu. Komabe a Angilikani a pa Dogura ankasiyana ndi mishoni zina pa chinthu chimodzi chachikulu: sanathamangire kuletsa ng'oma, magule, nthenga za kumutu kapena masiketi a udzu. Mabishopu awo oyamba, Montagu Stone-Wigg kuyambira mu 1898, Gerald Sharp kuyambira mu 1910 ndi Henry Newton kuyambira mu 1922, ankafuna Akhristu okhala m'midzi yawo, olima minda yawo, osati otsanzira azungu. Ena amati imeneyi inali nzeru. Ena amati inachedwetsa anthu kupeza maphunziro apamwamba ndi ntchito zabwino. Onse awiri ali ndi mfundo.

Zaka za Romney Gill

Wansembe amene dzina lake linamatirira ku Boianai ndi Stephen Romney Gill, Mngelezi amene anafika ku Papua mu 1908 ali ndi zaka 22. Anali mng'ono wake wa Eric Gill, katswiri wosema ziboliboli ndi kujambula zilembo, ndipo nayenso anali waluso la manja: matabwa, zitsulo, zomangamanga ndi mankhwala. Anayang'anira Boianai mpaka 1922, pamene anasamukira kumpoto, ku mtsinje wa Mamba, kumene anakhala zaka zina pafupifupi 30. M'zaka zake Boianai inatchuka mumishoni yonse ngati mudzi wachikhristu wopereka chitsanzo.

Koma mlendo ndi mame. Gill anachoka, ndipo tchalitchi sichinagwe, chifukwa panali akumudzi ochigwira. Nthawi yomweyo n'kuti mpingo utayamba kudzoza eni dziko: Peter Rautamara anakhala dikoni mu 1914 ndi wansembe mu 1917, woyamba mwa Apapua a Angilikani. Sukulu ya aphunzitsi ya St Aidan's inkatulutsa anyamata a m'midzi ya kugombe omwe anatenga malo a aphunzitsi a m'zilumba aja. Anyamata amenewa ndiwo anakwera mapiri kukatsegula masukulu kwa anthu omwe agogo awo ankalimbana nawo ndi mikondo.

Belu la tchalitchi silinali lokha lolamula nthawi ya mudzi. Mu 1906 dzikolo linapita m'manja mwa Australia n'kutchedwa Papua, ndipo Hubert Murray analilamulira kuyambira 1908 mpaka imfa yake mu 1940. Boma linaika wapolisi wa m'mudzi, linaletsa nkhondo za mafuko ndi kuika maliro pakhomo, linakakamiza kubzala kokonati, ndipo kuyambira ndi malamulo a 1918 linabweretsa msonkho. Kuti apeze ndalama, anyamata ankasaina kontirakiti ku Samarai, kachilumba kamene kanali likulu la malonda, n'kupita kuminda ya azungu, kumigodi ya golide kapena m'masitima. Ankabwerako ndi bokosi la nsalu, nkhwangwa ndi nyale, nthawi zinanso ndi matenda. Amishonale ankadana ndi ulendo umenewu chifukwa unkasiya m'kalasi muli mbee, minda ili m'manja mwa amayi okha. Ndipo amayiwo ndi amene anasunga zonse ziwiri, munda ndi tchalitchi, monga momwe a Mothers' Union akuchitira mpaka lero.

Zakale nazo sizinathe ndi ubatizo. Munthu akafa mwadzidzidzi, funso loti wamupha ndani linkafunsidwabe, ndipo mantha a afiti ouluka usiku, ofala m'Milne Bay monse, sanathawe belu. Mlimi yemweyo amene ankagwada pa Mgonero ankasunganso miyambo ya makolo pobzala koko. Phwando lomaliza maliro linapitirira, nkhumba n'kumaphedwa, chakudya n'kumaunjikidwa pabwalo. Chimene chinasintha n'chakuti masiku a mpingo, Khirisimasi, Pasaka ndi tsiku la oyera mtima a tchalitchi cha m'mudzi, analowa m'ndandanda womwewo wa maphwando, ndi ng'oma zake ndi kugawana kwake.

Nyumba yaikulu pa Dogura

Mu 1934 anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha bishopu pa Dogura, cha Petro ndi Paulo Oyera. Ndalama zinali zochepa. Midzi ya m'madera onse a mishoni inkatumiza amuna m'magulu, kusinthana pakapita miyezi ingapo, kugwira ntchito yosalipidwa: kusenza mchenga ndi miyala kuchokera kunyanja kukwera chitunda, kusakaniza simenti, kuimika zipilala. Nyumbayo ndi yotalika mamita oposa 50, ya nsanja ziwiri zooneka patali munthu ali panyanja. Amene anaona tchalitchi cha Petro Woyera pa Likoma akudziwa kudabwitsa kwa chinyumba chotere pamalo ofikako ndi bwato. Nyumba ziwirizi ndi ana a mwambo umodzi wa Chiangilikani wokonda Misa, zofukiza ndi mikanjo.

Anachipatula pa 29 Okutobala 1939, ndipo mwambowo anatsogolera ndi William Wand, akibishopu wa Brisbane. Anthu masauzande anabwera pa mabwato ndi pansi, ovala nthenga ndi zigoba, olankhula zinenero zosiyanasiyana. Pamalo pamene agogo awo ankaponyerana mikondo, anagona pamodzi n'kudya pamodzi. N'kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba kale ku Ulaya mwezi wapitawo.

Mwana wa mudzi pakati pa ofera chikhulupiriro

Mu Janyuwale 1942 Ajapani analanda Rabaul, ndipo zinaonekeratu kuti Papua ndiyo yotsatira. Azungu ambiri anathawa. Bishopu Philip Strong analankhula pa wailesi kwa antchito a mishoni kuwapempha kuti asasiye nkhosa zawo, ndipo ambiri anatsala. Mu Julayi Ajapani anatsika ku Gona ndi Buna, kumpoto. Ansembe, anamwino ndi aphunzitsi a kumeneko anagwidwa n'kuphedwa: May Hayman, Mavis Parkinson, Vivian Redlich, Henry Holland ndi ena. Pakati pawo panali Lucian Tapiedi, mphunzitsi wachinyamata wa ku Taupota, kugombe lomweli chakum'mawa, amene anaphedwa ndi munthu wa m'dziko momwemo pamene ankaperekeza amishonale othawa. Chiboliboli chake chinaimikidwa pakhomo la Westminster Abbey ku London mu 1998.

Boianai ili ndi wake pa mndandanda umenewo. Leslie Gariadi, mlaliki wachinyamata wochokera m'mudzimo, ankathandiza wansembe wokalamba Henry Matthews ku Port Moresby. Mu Ogasiti 1942 awiriwa anakwera sitima yaing'ono yotchedwa Mamutu, imene inkasamutsa mabanja kupita ku Daru kuthawa mabomba. Pa 7 Ogasiti sitima yankhondo ya Ajapani yoyenda pansi pa madzi inaiwombera n'kuimiza, ndipo ambiri mwa amene anali m'menemo anafa. Gariadi alibe chiboliboli ku London ndipo alibe manda, koma dzina lake limatchulidwa pa 2 Seputembala, tsiku limene mpingo umakumbukira ofera chikhulupiriro a ku New Guinea.

Nkhondo inafika pafupi kwambiri. Kuyambira pa 25 Ogasiti mpaka pa 7 Seputembala 1942 kunali kumenyana koopsa ku Milne Bay, kutsidya la mapiri, kumene asilikali a Australia anabweza Ajapani. Dogura inapulumuka. Amuna ambiri a m'midzi ya kugombe anatengedwa kukanyamula katundu ndi ovulala, kumanga mabwalo a ndege ndi kutsitsa katundu m'masitima. Anabwerako ataona chuma chimene sanachiganizirepo, ataonanso asilikali akuda a ku America akuyendetsa magalimoto. Mafunso okhudza malipiro, maphunziro ndi ulamuliro anayamba kufunsidwa mokweza kuposa kale.

Masiku awiri a 1959

Tsopano tifike ku nkhani imene inatchukitsa mudzi. Mu 1959 wansembe wa mishoni ya All Saints ku Boianai anali Gill wina, William Gill wa ku Australia. Chaka chimenecho anthu ambiri ozungulira Goodenough Bay ankanena zoona nyali zachilendo kumwamba. Pa 21 Juni mphunzitsi Stephen Moi ananena kuti waona chinthu chonga mbale yovundikira. Gill sanakhulupirire kwenikweni. Madzulo a pa 26 Juni iye mwini, aphunzitsi, othandiza kuchipatala ndi ana a sukulu, anthu 38 onse pamodzi, anaona chinthu chowala chozungulira chitaima mumlengalenga, ndipo anati pamwamba pake pankaoneka zinthu zonga anthu mpaka anayi. Gill ankalemba nthawi ndi zooneka papepala, ndipo 25 mwa oonawo anasaina.

Mawa lake chinabweranso dzuwa litangolowa. Malinga ndi zimene Gill analemba, iye anakweza dzanja, ndipo chimodzi mwa zonga anthuzo chinakweza chake. Anawalitsa tochi, chinthucho n'kugwedezeka. Wansembe wa ku Menapi, Norman Cruttwell, anasonkhanitsa maumboni a m'dera lonselo n'kuwatumiza kunja. Asilikali a nkhondo ya mumlengalenga a Australia anati mwina zinali mapulaneti ooneka kudzera m'mitambo. Katswiri wa nyenyezi Donald Menzel anati inali Venus, ndipo katswiri winanso wa nyenyezi J. Allen Hynek anapita yekha ku Boianai mu 1973 kukafunsa mboni. Mkangano wake sunathe mpaka lero.

Otsutsa amakonda kuloza mzere umodzi m'zolemba za Gill: pakati pa zodabwitsazo, itakwana 6:30, iye analowa m'nyumba kukadya, ndipo pambuyo pake gulu lonse linalowa m'tchalitchi ku mapemphero a madzulo. Amati munthu woona zinthu zotere sangasiye n'kupita kukadya. Koma kwa wofuna kudziwa mbiri ya mudzi, mzere umenewo ndiwo wolemera kuposa yonse. Ukusonyeza kuti patangopita zaka 68 kuchokera pamene Maclaren anatsika m'bwato, pemphero la madzulo linali litakhala gawo la tsiku la anthu a ku Boianai mwakuti ngakhale chozizwitsa cha kumwamba sichinalisunthe.

Mpingo m'manja mwa eni ake

Chaka chotsatira, mu 1960, George Ambo wa ku Gona anadzozedwa kukhala bishopu woyamba wa Chipapua. Mu 1968 likulu la chigawo linasamuka ku Samarai kupita ku Alotau. Dziko linalandira ufulu pa 16 Seputembala 1975, ndipo mu 1977 mpingo wa Angilikani wa Papua New Guinea unaima pawokha ndi madayosizi asanu, David Hand ali akibishopu woyamba. Dogura, imene inali mutu wa zonse, inakhala likulu la dayosizi imodzi mwa asanuwo. Amishonale achizungu anachepa, ndalama zochokera kunja zinachepa, masitima a mishoni amene ankazungulira gombe ndi makalata, mankhwala ndi mpunga analeka kuoneka.

Moyo wa lero kugombeli ndi wa munda ndi bwato. Ulendo wa ku Alotau umadalira kwambiri maboti a injini ndi mtengo wa petulo, ndipo nyengo ya mphepo nyanja imakana. Boma lili ndi maofesi ake ku Rabaraba. Ndalama zimachokera ku kokonati wouma, mtedza wa betel, nsomba, ndi ana amene ali pantchito ku Alotau, Lae ndi Port Moresby. Chilala chikabwera, monga cha 1997 ndi cha 2015, gombe louma kale limavutika koposa. Sukulu ya sekondale ya Holy Name ndi chipatala cha St Barnabas pa Dogura zikutumikirabe anthu a m'midzi yozungulira. Wansembe ndi mwana wa dziko lomwelo, ndipo malipiro ake nthawi zambiri amakwanira chifukwa akhristu amamubweretsera nthochi ndi nsomba, iyenso ali ndi munda wake. Mipingo ina inalowa m'madera amene mzere wa 1890 unapatsa a Angilikani okha, ndipo mabanja ena tsopano amapemphera kosiyana.

Chinthu chimodzi chinachedwa kuposa zonse. Malemba a m'chinenero cha Wedau anatumikira mibadwo ingapo, kenaka Chingelezi cha kusukulu chinayamba kuwalowa m'malo, ndipo achinyamata ambiri samva bwino chinenero cha Wedau monga agogo awo. M'zaka zaposachedwa anthu a mtundu wa Ghayavi, mothandizana ndi akatswiri omasulira, ayamba kuika magawo a Baibulo m'chinenero chawo. Ntchitoyo imafuna kugwirizana kalembedwe, kuphunzitsa ana kuwerenga chinenero chimene amangochilankhula, ndi kukhala pansi ndi akuluakulu kusankha mawu. Kwa mtundu wa anthu masauzande ochepa, ozunguliridwa ndi Chingelezi m'kalasi ndi pa foni, buku lotere limagwira ntchito ziwiri: la tchalitchi, komanso losunga chinenero. Anthu amene anapereka amuna omanga nawo mpingo, aphunzitsi okwera mapiri ndi mnyamata womira pa Mamutu adikira zaka zoposa 100 kuti amve Uthenga Wabwino ukuwerengedwa m'chinenero chawo, ndipo mbali yaikulu ya Baibulo ikudikirabe omasulira.